Achimwene anga awamangirira njerwa kumwendo: kodi chimenechi ndi chithandizo kapena akungowasunga?

Nabanda_wa_kuDambo
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mafupa. Achimwene anga, bambo wa zaka 34, anagundidwa ndi galimoto ali pa njinga yamoto ya kabaza ndipo anathyoka fupa la ntchafu yakumanja chapakati. Kuchipatala cha boma lathu anawaboola fupa la msongolo, m'munsi pang'ono mwa bondo, n'kulowetsapo kachitsulo kopingasa. Pa kachitsuloko anamangirira chingwe chimene chadutsa pa kagudumu kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwa chingwecho kukulendewera thumba la njerwa. Atiuza kuti agona chomwecho kwa miyezi iwiri kapena kupitirira apo. Pabanja pathu mitima sili m'malo. Mayi akuti achipatala awataya achimwene chifukwa ndife osauka, amalume akufuna kuti tiwatulutse tipite nawo kwa munthu wina wolumikiza mafupa kumudzi, pomwe alamu anga akungodandaula chifukwa amene amabweretsa chakudya pakhomo ndi omwe agonawo. Kodi kukoka mwendo kotereku kumachiritsadi fupa, kapena ndi njira yongomusunga munthu podikira chithandizo chenicheni?

Mlimi_wa_Mtedza
Achemwali, chilichonse chimene mungagwirizane pabanjapo, musawatulutse m'chipatala achimwene anuwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

WakuJoni_Germiston
Mwambi umenewo ndi umene watigoneka Amalawi kwa zaka zambiri, bambo Mlimi. Kuno mnzanga wa kuntchito anathyoka fupa lomwelo, anamuchita opaleshoni n'kumuika chitsulo m'kati mwa fupa, ndipo sabata isanathe anali akuyenda ndi ndodo zoyendera. Kumangirira munthu njerwa ndi chithandizo cha umphawi basi, tisachikometsere.

OCO_Wopuma
Mayi Nabanda, ndagwira ntchito ya mafupa ngati OCO (Orthopaedic Clinical Officer, wachipatala wophunzitsidwa za mafupa) m'zipatala za m'maboma kwa nthawi yaitali, choncho ndiloleni ndifotokoze chimene chikuchitika pa mwendo wa achimwene anu, kenaka ndidzabwera ku mawu a bambo a ku Joni, amene sali olakwa kwathunthu.

Fupa la ntchafu lazunguliridwa ndi minofu yamphamvu kuposa ina yonse m'thupi. Fupalo likathyoka, minofuyo imakungika ngati mphira womangira katundu pa njinga, ndipo imakoka chidutswa cha m'munsi kupita m'mwamba mpaka zidutswa ziwirizo zimapitirirana. N'chifukwa chake mwendo wothyoka umaoneka waufupi ndipo phazi limagwera kunja. Ntchito ya cholemeracho ndi kukoka minofuyo pang'onopang'ono, usana ndi usiku, kufikira itatopa n'kulola kuti fupa libwerere pa utali wake ndi kuloza kumene liyenera kuloza. Chimene chimalumikiza fupa si chingwe kapena njerwa ayi, koma thupi lenilenilo. Magazi amene anaundana pamalo pothyokapo amasanduka mnofu wofewa wogwirizanitsa zidutswazo, ndipo m'masabata otsatira mnofuwo umalimba n'kukhala fupa latsopano, limene pa chithunzi cha ekisire limaoneka ngati kamtambo koyera kozungulira pothyokapo. Kukokako kumangothandiza kuti zonsezi zichitike fupa lili pamalo oyenera.

Kulemera kwake sikongoyerekeza. Kwa munthu wamkulu timayambira pa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lake, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 60 timamupachikira pafupifupi makilogalamu 6, kenaka timaonjezera kapena kuchepetsa malinga ndi zimene chithunzi chikuonetsa komanso muyeso wa miyendo iwiriyo. Kaya ndi zitsulo zopimidwa kale, kaya ndi njerwa, kaya ndi thumba la mchenga, fupa silisiyanitsa, bola zikhale zopimidwa pa sikelo. Mwaonanso kuti kumiyendo kwa bedi anakweza ndi matabwa kapena njerwa zina. Anatero kuti thupi la wodwala lizikokera kumutu pamene cholemera chikukokera kumapazi, kupanda kutero munthuyo amangotsetsereka mpaka phazi kukagunda chitsulo cha bedi.

Chikondi_Mzuzu
Chimene sindikumvetsa n'chakuti fupa lathyoka pantchafu, koma iwo aboola pamsongolo pamene panali bwinobwino. Kodi kumeneko si kumuonjezera munthu bala lina?

OCO_Wopuma
Funso labwino, a Chikondi. Pali njira ziwiri zokokera. Yoyamba ndi yomata nsalu yomatirira pakhungu la mwendo n'kukulunga bandeji pamwamba pake, koma khungu silingapirire zolemera zoposa makilogalamu 5, ndipo zikapitirira pamenepo limatuluka matuza kapena kusupuka. Njira imeneyi ndi ya ana, kapena ya akuluakulu amene akudikira opaleshoni kwa masiku ochepa. Munthu wamkulu amene agone miyezi amafunika mphamvu yoposa pamenepo, choncho timakokera pafupa lenilenilo. Pamsongolo chakumtunda fupa lili pafupi ndi khungu, n'lolimba, ndipo kachitsulo kamadutsa popanda kuboola minofu yambiri. Timalowetsa kuchokera kunja kwa mwendo kupita m'kati pofuna kupewa mtsempha wina umene umadutsa chakunja kwa bondo, umene ukavulala phazi limagwa osathanso kudzuka. Nthawi zina timaboola fupa la ntchafu lomwelo chakumunsi, makamaka ngati bondo nalonso lavulala. Kachitsulo kameneka kamatchedwa ndi dzina la Fritz Steinmann, dokotala wa ku Bern m'dziko la Switzerland amene anakayambitsa mu 1907.

Namwino_wa_Usiku
Ine ndilankhule ndi inu mayi Nabanda monga gadiyani, chifukwa m'mawodi athu anamwino ndife ochepa ndipo amene amakhala pambali pa bedi usiku wonse ndi inuyo. Chithandizo chimenechi chimapambana kapena kulephera m'manja mwa magadiyani.

Chinthu chachikulu kuposa zonse n'chakuti thumba lija lizilendewera m'malere nthawi zonse. Lisakhudze pansi, lisatsamire bedi, ndipo pansi pake pasaikidwe ndowa, mpando kapena chikwama. Chimene timakumana nacho kawirikawiri ndi chifundo chosayenera: wodwala akadandaula usiku kuti mwendo ukuwawa, m'bale wake amanyamula thumbalo n'kulikhazika pa mpando kuti wodwalayo apumeko, ndipo m'mamawa asanabwere adokotala amalibwezera. Pa maola amenewo minofu imakhala yakokanso fupa, zidutswa zapitirirana, ndipo fupa latsopano limene linayamba kupangika lasokonezeka. Ululu ukachuluka itanani namwino apereke mankhwala, koma cholemera chisachotsedwe. Muzionanso kuti chingwe chili mu ngalande ya kagudumu, mfundo siinakodwe pa kagudumupo, ndipo bulangete silinapanikize chingwe.

Chachiwiri ndi pamene kachitsulo kalowera ndi pamene katulukira. Pazikhala pouma ndi paukhondo, ndipo musapakepo mafuta odzola, phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Mukaona mafinya, fungo, kutupa kofiira, kapena kachitsulo kayamba kugwedera n'kumasuntha, nenani tsiku lomwelo. Ponena za zilonda zobwera chifukwa chogona malo amodzi, malo oopsa ndi kumapeto kwa msana, m'matako ndi kuchidendene. Nsalu yoyala ikhale youma, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya, ndipo wodwala azidzikweza ndi manja pogwira chogwirira cha pamwamba pa bedi ngati chilipo. M'mawa uliwonse auzeni agwedeze zala za kuphazi ndi kudzutsa phazi kuloza kumutu. Akalephera, kapena akanena kuti pamwamba pa phazi pachita dzanzi, imeneyo ndi nkhani yofunika kuinena msanga.

Pali chizindikiro china chimene sichidikira kuti kuche. Katumba akatupa n'kumawawa, kapena wodwala akayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kupweteka pachifuwa, thamangani mukaitane aliyense amene ali pa ntchito, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha ndipo chibuma chake chapita kumapapo. Zimenezi zimapha.

Mayi_a_Mapasa
A Namwino akunena zoona pa za mpando. Pamene ndinkadwazika bambo anga aang'ono, pa bedi loyandikana nalo panali mnyamata amene agogo ake ankakhazika thumba lake pa beseni lovundikira usiku uliwonse, ndipo akawaletsa ankayankha kuti mdzukulu wawo si ng'ombe yoti azimangidwa. Atakamujambulanso anapeza kuti mwendo wafupika ndipo anayambiranso kuwerenga masabata.

WakuJoni_Germiston
Zonse zimene mwalembazi zikungotsimikiza mfundo yanga. Zilonda, mafinya, magazi kuundana, mwendo kufupika, ndiponso banja lonse kusiya ntchito n'kumagona pansi pa bedi. Ngati chithandizo chili ndi zoopsa zochuluka chomwechi, n'chifukwa chiyani tikuchiteteza? Ndipo amene amati n'chotsika mtengo amawerengera chingwe ndi njerwa zokha, osawerengera bedi limene munthu mmodzi walitsekereza kwa miyezi iwiri, chakudya chake, ndi munda umene sunalimidwe.

Wophunzira_Udokotala
Pa mfundo imeneyi bambo a ku Germiston ali ndi umboni kumbali yawo, ndipo umboniwo ndi wa kwathu konkuno. Kafukufuku amene anatsogolera Dr Linda Chokotho, amene anasindikizidwa mu 2020, anatsatira odwala akuluakulu 187 othyoka fupa la ntchafu m'zipatala za m'Malawi kwa chaka chathunthu, ena oikidwa chitsulo m'kati mwa fupa ndipo ena okokedwa mwendo. Oikidwa chitsulo anachira msanga ndi kubwerera msanga ku ntchito zawo, pomwe mwa okokedwa mwendo pafupifupi atatu mwa khumi alionse anafunika kuchitidwabe opaleshoni pambuyo pake chifukwa fupa silinagwirane bwino. Kafukufuku wina wa ku Queen Elizabeth Central Hospital anapezanso kuti mukaphatikiza zonse, kukoka mwendo kumadya ndalama zambiri kuposa opaleshoni, makamaka chifukwa cha kutalika kwa nthawi imene wodwala amakhala m'chipatala.

Njira yoika chitsulo m'kati mwa fupa si yatsopano. Gerhard Küntscher anaiyamba ku Kiel m'dziko la Germany mu 1939. Vuto lake m'mayiko ngati lathu linali lakuti imafuna makina ojambulira fupa opaleshoni ili m'kati, koma bungwe la SIGN, limene anayambitsa Dr Lewis Zirkle ku America mu 1999, linapanga chitsulo chimene chimaikidwa popanda makinawo, ndipo chimagwiritsidwa ntchito m'zipatala zazikulu za kuno. Choncho kwa munthu wa zaka 34 wothyoka pakati pa fupa la ntchafu, chithandizo chabwino koposa ndi opaleshoni, ndipo palibe chifukwa chobisira banjali zimenezi.

OCO_Wopuma
Sindikutsutsa chilichonse chimene mwana wathu wophunzirayu walemba, ndipo atakhala mwana wanga wothyoka fupa limenelo ndingafune kuti aikidwe chitsulo. Koma tisiyanitse chithandizo chabwino koposa ndi chithandizo chimene chilipo pamene munthu wagwera. Opaleshoni imeneyi imafuna dokotala wodziwa kuichita, wogonetsa odwala, chipinda chaukhondo weniweni, zida zowiritsidwa bwino, magazi osungidwa, ndi chitsulo cha muyeso wa fupa la munthuyo. Chimodzi chikasowa, opaleshoni imaimitsidwa. Ndipo chitsulo choikidwa pamalo osayenera chikalowetsa tizilombo m'kati mwa fupa, wodwalayo amatha zaka akutuluka mafinya, zimene n'zoipa kuposa kutsimphina pang'ono.

Madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. N'chifukwa chake mu 1985 Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa azachipatala ena ntchito ya mafupa, ndipo anthu amenewa ndi amene mumawapeza m'maboma akumanga zikhakha, kutsuka mabala ndi kukoka miyendo. Zinthu zikusintha ndithu, popeza chipatala cha LION cha mafupa ndi ubongo chinayamba kugwira ntchito ku Lilongwe mu 2023, koma ngozi za njinga zamoto nazonso zachuluka kotero kuti mndandanda wa odikira sutha.

Mayi Nabanda, uzani mayi anu kuti mwana wawo sanatayidwe. Ngakhale kumene opaleshoni imachitika msanga, wodwala amayamba wakokedwa mwendo podikira tsiku lake, chifukwa kukokako kumachepetsa ululu ndipo kumateteza kuti mwendo usafupike. Koma muli ndi ufulu wonse wofunsa mwaulemu mafunso awa: kodi achimwene ali pa mndandanda wa opaleshoni kapena wotumizidwa kuchipatala chachikulu, kodi chithunzi chotsatira chidzajambulidwa liti, ndipo ngati fupa silikuonetsa kugwirana pakatha masabata 6, chidzachitike n'chiyani?

Mdzukulu_wa_Gogo
Ine ndikuona kuti mukuwapeputsa amalume a mayi Nabanda. Agogo anga aamuna ankalumikiza mafupa ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi, ndipo anthu ankachokera midzi yakutali. Ineyo ndinathyoka mkono ndili mwana, anandimanga iwowo, ndipo lero ndimalima ndi mkono womwewo. Kodi chipatala chisanabwere anthu sankachira?

Namwino_wa_Usiku
Ankachira ena, achimwene, ndipo ena ankalumala kapena kufa, koma amenewo sabwera kudzapereka umboni. Mkono wa mwana umagwirana mosavuta ngakhale utangomangidwa ndi timitengo, ndipo pamenepo agogo anu ankachita zofanana ndi zimene chikhakha chimachita. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu ndi nkhani ina, chifukwa palibe nsungwi imene ingagonjetse minofu ya pamenepo. Zimene timalandira m'wodi kuchokera kwa olumikiza mafupa ndi za mitundu iwiri. Ena amabwera atamangidwa kwambiri pa chiwalo chimene chikutupa, magazi n'kuleka kuyenda, zala n'kuda, mpaka chiwalocho kudulidwa. Ena amabwera atatemeredwa mphini pamwamba penipeni pa fupa lothyoka, ndipo tizilombo talowera pamenepo. Kuonjezera apo, achimwene a mayi Nabanda ali kale ndi kachitsulo m'fupa, ndiye amene akachotse kumudziko ndani?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Mkangano wa a Mdzukulu ndi a Namwino wandikumbutsa kuti luso lokoka mwendo la m'zipatala nalonso lili ndi mizu mwa olumikiza mafupa a kumudzi. Hugh Owen Thomas, amene ankagwira ntchito ku Liverpool, anachokera ku banja la olumikiza mafupa la ku Anglesey m'dziko la Wales, koma iye anapita kukaphunzira udokotala. Anapanga chitsulo chokhala ndi mkombero umene umakhala m'mphechepeche ndi ndodo ziwiri zotsika m'mbali mwa mwendo, kotero kuti mwendo umakokedwa munthu ali pa machira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, m'bale wake Robert Jones analimbikitsa kuti chitsulochi chizigwiritsidwa ntchito kwa asilikali a Britain kuyambira mu 1916, ndipo ziwerengero zimene zimatchulidwa kawirikawiri zimati imfa za asilikali othyoka fupa la ntchafu ndi zipolopolo zinatsika kuchoka pa 80 mwa 100 alionse kufika pochepera 20. Chifukwa chake n'chakuti fupa limeneli likathyoka munthu amatha kutaya magazi opitirira lita imodzi m'kati mwa ntchafu momwemo, ndipo zidutswa zikamagwedezeka pa ulendo zimapitiriza kung'amba minofu ndi mitsempha. Amalume akuganiza zonyamula wodwalayo pa galimoto yanji, ndipo pa msewu wotani?

Mdzukulu_wa_Gogo
Za ulendo ndamva ndipo ndavomera, koma ndikanakonda achipatala akanamaphunzitsa anthu ngati agogo anga kusiyanitsa zimene angathe ndi zimene ayenera kutumiza, m'malo mongowanyoza.

NyaGondwe_Rumphi
Pepani kulowerera ndi nkhani ya mwana, koma ikukhudza zomwezi. Mwana wa mng'ono wanga, wa chaka chimodzi ndi theka, anagwa kuchokera kumsana kwa mlezi wake n'kuthyoka ntchafu. Kuchipatala anamupachika miyendo yonse iwiri m'mwamba, matako osakhudza matiresi, ngakhale kuti wothyoka unali umodzi. Apongozi ake a mng'ono wangayo anakwiya kwambiri poganiza kuti achipatala asokoneza mwendo. Kodi zimenezi n'zoyenera?

OCO_Wopuma
N'zoyenera ndithu, a NyaGondwe, ndipo apa ndi pamene bambo a ku Joni ayenera kuvomereza kuti kukoka si chithandizo cha umphawi chokha, chifukwa njira imeneyi imagwiritsidwabe ntchito ngakhale m'mayiko olemera. Ndi ya ana osapitirira zaka 2 ndiponso osalemera kuposa makilogalamu pafupifupi 12. Miyendo yonse iwiri imamatidwa nsalu n'kupachikidwa kuti mwana asapotoke, ndipo thupi la mwanayo ndilo limakhala cholemera. Matako ayenera kukwera pang'ono chabe, moti dzanja lotambasula lizitha kudutsa pansi pake. Mwana wamkulu kuposa pamenepo sapachikidwa chotero chifukwa magazi amavutika kukwera kufika kumapazi, ndipo ngakhale kwa wamng'onoyo mayi ake aziona zala kangapo pa tsiku ngati zili zofunda, ngati zikugwedezeka, komanso ngati bandeji sinatsetserekere pa akakolo n'kumanga ngati chingwe.

Ana amachira msanga modabwitsa. Wa msinkhu umenewo masabata 3 amakhala okwanira nthawi zambiri, pomwe wa zaka 7 kapena 8, ngati amene amadzaza mawodi nyengo ya mango atagwa m'mitengo, amatha masabata 4 mpaka 6 akukokedwa pakhungu atagona chogona. Pa ana sitidandaula zidutswa zikapitirirana ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa fupa lothyoka la mwana limakula mofulumira kuposa linzake m'zaka zotsatira ndipo limadziwongola lokha. Sitiboolanso msongolo wa mwana chakumtunda, popeza pamenepo ndi pamene fupa limakulira. Kwa ana amene mafupa awo anagwirana mokhota kapena ali ndi zilema zina za mafupa, ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa mu 2002.

WakuJoni_Germiston
Za ana ndavomera, bambo OCO. Za akuluakulu ndikadali pomwe ndinali.

KabazaWakale
Ine ndinagonapo pa bedi lotero, ndiye ndilankhule zimene madokotala sazimva m'thupi mwawo. Ululu wa fupa umatha m'masabata oyambirira, ndipo cholemeracho umafika pochizolowera moti wina akachigunda podutsa ndi pamene umakuwa. Chimene chimavuta ndi manyazi. Bambo wamkulu kudzithandiza pa bedi, m'wodi yodzaza, mkazi wako atakutchinga ndi chitenje, si chinthu chapafupi, ndipo ambiri tinkachepetsa kudya ndi kumwa madzi kuti tisavutitse anthu. Zotsatira zake zinali kudzimbidwa koopsa ndi kuwawa pokodza. Mayi Nabanda, ngati n'kotheka pezani mwamuna mnzawo, kaya mng'ono wawo kaya msuweni, woti aziwathandiza pa zimenezi, ndipo muziwakakamiza kumwa madzi ndi kudya masamba ndi zipatso.

Fupa langa linagwirana popanda opaleshoni, koma mwendo unafupika ndi masentimita awiri ndipo wosoka nsapato anandikwezera chidendene cha nsapato imodzi. Chimene chinandisautsa kwambiri si kufupikako koma bondo. Tsiku limene anachotsa kachitsulo ndinkaganiza kuti ndidzuka n'kumapita, koma bondo linakana kupindika, ntchafu inali itaphwa, ndipo nditangoimirira chizungulire chinandigwetsera pa bedi. Njinga ndinali nditaigulitsa kale kuti ana adye.

Mafizo_Zomba
Zimene a KabazaWakale akufotokoza za bondo n'zimene ife a mafizo timalimbana nazo, ndipo zambiri zimapeweka ngati masewera ayamba wodwala adakali pa chingwe. Kuyambira masiku oyambirira azilimbitsa mnofu wa pamwamba pa ntchafu ngati akukanikizira bondo pa matiresi, kugwira kwa kanthawi n'kumasula, kambirimbiri pa tsiku. Azipinda ndi kutambasula phazi, zimene zimathandizanso kuti magazi asaundane, aziyendetsa mwendo wabwinowo ndi manja, komanso azipuma mozama atakhala tsonga kuti apewe chibayo.

Pali njira imene inatchuka ndi George Perkins wa ku St Thomas' Hospital ku London, imene imagwirizana bwino ndi zipatala zathu chifukwa siifuna zida zodula. Theka la kumiyendo la bedi limachotsedwa kapena kutsitsidwa pa nthawi ya masewera, ntchafu imatsamira pa theka lotsalalo, ndipo wodwala amapinda bondo mwendo uli chikokedwere. Kugwedezeka pang'ono kumene kumachitika pothyokapo sikuononga, m'malo mwake kumalimbikitsa fupa latsopano kupangika. Koma zimenezi aziyambitsa ndi a mafupa kapena a mafizo, osati banja palokha. Akadzachoka pa chingwe adzayamba ndi kukhala m'mphepete mwa bedi, kenaka kuimirira ndi ndodo ziwiri osapondetsa kwambiri, ndipo kuponda mwamphamvu kudzadikira chilolezo cha amene akuona zithunzi. Ngati amasuta fodya, ino ndiyo nthawi yosiya, chifukwa fodya amachedwetsa fupa kugwirana. Pa chakudya musavutike ndi zodula, popeza usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, mtedza ndi masamba n'zokwanira.

Nabanda_wa_kuDambo
Zikomo nonse. Ndinapita ndi mafunso a bambo OCO kwa amene akuyang'anira achimwene, ndipo anandionetsa chithunzi chatsopano chimene chikuonetsa kuti utali wa fupa wabwerera koma zidutswa sizinayang'anizane bwino. Akuti akukayikira kuti mnofu walowa pakati pake, choncho alemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu ndipo tikudikira kuti kumeneko kupezeke malo. Amalume ndawawerengera zimene a Namwino ndi a Mphunzitsi analemba, sanayankhe kanthu koma sanabwerezenso za kumudzi. Funso langa tsopano ndi ili: popeza opaleshoni ikubwera, kodi n'kofunikabe kuti azivutika ndi njerwazi? Ndaonanso timadzi tachikasu pang'ono mbali imodzi ya kachitsulo.

Chikondi_Mzuzu
Inenso ndikanafunsa zomwezo. Ngati chitsulo chidzawongola zonse, bwanji osawamasula apumeko?

OCO_Wopuma
Ayi, asamasulidwe, ndipo tsopano kukokako kwafunika kuposa kale. Tsiku la opaleshoni silikudziwika, ndipo mwendo ukakhala masabata angapo osakokedwa minofu imafupika n'kuuma pomwepo. Zikatero dokotala amavutika kubwezera fupa pa utali wake, opaleshoni imatalika, magazi amatayika ambiri, ndipo nthawi zina mwendo umatsala waufupi ngakhale chitsulo chalowa. Amene wakokedwa bwino amafika ku opaleshoni ntchito ina itachitika kale. Kukayikira kwa anzangawo n'komveka, chifukwa mnofu ukalowa pakati pa zidutswa fupa silingagwirane ngakhale munthu atagona miyezi ingati, ndipo achita bwino kuzindikira msanga.

Za timadzi tachikasuto kaonetseni lero lomwe. Timadzi toyera pang'ono m'masiku oyambirira si tachilendo, koma ngati tikusanduka mafinya pafunika kutsuka, mwina mankhwala, mwinanso kusamutsa kachitsuloko, chifukwa madokotala safuna kuika chitsulo m'kati mwa fupa pamene pafupi pali bala la mafinya, ndipo zimenezi zokha zikhoza kuchititsa kuti tsiku lawo lisunthidwe. Pa ulendo wa ambulansi funsani kuti mwendo udzamangidwa motani, popeza njerwa sizingalendewere m'galimoto ndipo pamafunika chitsulo chonga chimene a Mphunzitsi anafotokoza kapena chomangira china chogwira kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi. Musaiwale kutenga zithunzi zonse, zakale ndi zatsopano, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala.

Namwino_wa_Usiku
Ndionjezere za magazi. Opaleshoni ya fupa la ntchafu imaimitsidwa kawirikawiri chifukwa wodwala ali ndi magazi ochepa kapena mosungira mulibe a gulu lake. Funsani panopa kuti magazi a achimwene ali pa mlingo wanji ndipo ndi a gulu liti, kuti ngati akufunika mankhwala oonjezera magazi ayambiretu adakali konko. Achibale athanzi amene angathe kupereka magazi, kuphatikizapo amalume aja, adziwitsidwe msanga kuti akhale okonzeka akadzafunika.